Kodi ndidikire mapanelo a perovskite, kapena ndigule sola lero?

Bambo wina wa ku Chikwawa wandilembera imelo. Wamva kuti kukubwera mapanelo ophatikiza perovskite (mtundu wina wa zinthu zosandutsa kuwala kukhala magetsi) ndi silikoni (amene amapangira mapanelo a masiku onse), amphamvu kuposa amene ali m'mashopumu. Ndalama za sola wasonkhanitsa kale, ndiye akufunsa ngati kuli bwino kudikira kaye.

Bambo, zimene mwamvazo si mphekesera ayi. Silikoni ali ndi pomwe amalekezera: akatswiri atayesetsa chotani, mphamvu ya dzuwa imene selo (kachigawo ka panelo kopanga magetsi) ya silikoni payokha ingasandutse magetsi singapitirire kwenikweni 29 peresenti. Kuwala kwa buluu kuli ndi mphamvu zambiri, koma pa silikoni gawo lalikulu limangosanduka kutentha. Nzeru yake ndi kuyala perovskite pamwamba, wopyapyala kuposa tsitsi. Iyeyo amagwira kuwala kwa buluuko, kofiira n'kudutsa kukagwidwa ndi silikoni pansi pake.

Liwiro limene luso limeneli likupitira patsogolo limandisangalatsa. Mu 2009, gulu la Tsutomu Miyasaka ku Japan linapeza 3.8 peresenti yokha ndi perovskite. Pofika 2024, kampani ya LONGi ya ku China inalengeza 34.6 peresenti pa selo yophatikizayi. Komatu kaselo kameneko ndi ka mu labotale, kukula kwake ngati chikhadabo. Mapanelo enieni amene kampani ya Oxford PV ya ku Britain inayamba kugulitsa ku America chaka chomwecho anali pa 24.5 peresenti, chifukwa kuyala perovskite mofanana pamalo aakulu n'kovuta.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi kukhalitsa. Perovskite sagwirizana ndi chinyezi, ndipo kutentha kumamufooketsa msanga. Taganizirani denga lanu la malata mu Okutobala, lija simungaikepo dzanja masana, kenako mvula ya Januwale ikhuthukirepo. Panelo yabwino ya silikoni imabwera ndi waranti ya zaka 25, pamene zatsopanozi sizinakhalepo padenga la munthu nthawi yotalika choncho. Mu perovskite mulinso mtovu, wochepa ndithu, koma ine ndaonapo mabatire akutha atatayidwa kuseri kwa nyumba kumene ana amasewera, ndipo panelo yosweka ingathere komweko.

Choncho musadikire, bambo. Gulani ya silikoni, muumirire kuti akupatseni pepala la waranti. Wodzakuikirani mumuuze asiye mpata pakati pa panelo ndi malata kuti mphepo izidutsa, chifukwa nayenso silikoni akatentha kwambiri magetsi amachepa.