Funsani Aphunzitsi a Nyimbo: Za opera, zikondwerero za chilimwe ndi makwaya athu

Makalata atatu a mwezi uno, awiri ochokera ku Thyolo ndi imodzi ya kuno ku Mulanje, akhudza nkhani imodzi, choncho ndawayika pamodzi.

Funso: Aphunzitsi, mwana wanga wamkazi ndi namwino ku Iowa, m'dziko la America. Mu Julaye ananditumizira kanema pa WhatsApp ali ku chikondwerero cha opera m'tauni ya Indianola. Anthu atavala zachifumu akuyimba mokweza, wina wagwa pansi ngati wafa koma akuyimbabe. Akuti chaka chilichonse amakathandiza kulandira alendo pakhomo popanda malipiro. Kodi opera n'chiyani? Nanga ndi malo oti mwana wopemphera azipezekako? *Mayi wa ku Luchenza*

Yankho: Mayi, mtima ukhale m'malo. Opera ndi sewero loti mawu ake onse, kapena ambiri, amayimbidwa m'malo moyankhulidwa. Mnyamata akamafunsira mbeta amayimba, mfumu ikamagamula mlandu imayimba, ndipo amene mwamuona atagwayo akutsanzika dziko ndi nyimbo. Oyimba zida, monga mavayolini, zitoliro, malipenga ndi ng'oma, amakhala pamalo otsika kutsogolo kwa nsanja, ndipo pamakhala mmodzi wa kandodo wowongolera onse. Lusoli linayambira ku Italy cha m'ma 1600. L'Orfeo ya Claudio Monteverdi, yomwe inaonetsedwa ku Mantua mu 1607, ikuseweredwabe mpaka lero.

Kumene mwana wanu amapitako ndi ku Des Moines Metro Opera, gulu lomwe linayamba mu 1973 ndipo limaonetsera masewero ake muholo ya pa Simpson College. Indianola si mzinda waukulu ayi, ndi tauni yozunguliridwa ndi minda ya chimanga. Amasankha Juni ndi Julaye chifukwa kumeneko ndiye chilimwe chawo, pomwe ife kuno tikuwotha moto ndi chiperoni. Chisanu chawo chimakhala chatha, dzuwa limalowa mochedwa, makoleji amakhala atatsekera moti zipinda zogona zimapezeka, komanso oyimba a m'mizinda ikuluikulu amakhala ali patchuthi.

Pa za chipembedzo sindikunamizani. Nkhani za opera zili ndi chikondi, nsanje, chigololo ndi kuphana, monga mmene zilili nkhani za anthu kulikonse. Zina n'zochokera m'Baibulo, monga Nabucco ya Giuseppe Verdi ya mu 1842, yonena za Ayuda ali ku ukapolo ku Babulo. Anthu amakhala phee pamipando kumvetsera, ndipo mawu akakhala a Chitaliyana kapena Chijeremani, kumasulira kwake kumaoneka pamwamba pa nsanja. Ntchito imene mwana wanu akugwirayo ndi yolemekezeka. Magulu oterewa sangayende popanda anthu a m'deralo odzipereka kulandira alendo, kukatenga oyimba kubwalo la ndege ndi kuwakonzera chakudya. Munamulera bwino.

Funso: Ndine mtsogoleri wa kwaya. Kuno makwaya alipo ambiri, koma timangokumana pamipikisano ndi potsegulira zimbale. Ndamva kuti kunja kuli matauni ang'onoang'ono amene amachita chikondwerero cha masewero oyimba chaka ndi chaka. Ife tilibe holo yabwino, tilibe mavayolini, tilibe ndalama. Kodi n'zotheka, kapena ndikungolota? *Mtsogoleri wa kwaya, Bvumbwe*

Yankho: Achimwene, funso lanu landikhudza kwambiri, ndipo ndikhalitsapo.

Za holo zisakugwetseni mphwayi. Glimmerglass, chikondwerero chotchuka cha ku Cooperstown m'chigawo cha New York, chinayambira muholo ya sukulu ya sekondale mu 1975, ndipo nyumba yakeyake chinadzakhala nayo mu 1987. Glyndebourne ya ku England inayamba mu 1934 pakhomo pa John Christie ndi mkazi wake Audrey Mildmay, yemwe anali woyimba, kumudzi ndithu, ndipo mpaka pano anthu amayala nsalu pakapinga n'kumadya nthawi yopumira, nkhosa zikudya msipu chapatali. Onsewa anayamba ndi anthu oyimba ndi anthu ofuna kumvera, makoma anabwera pambuyo.

Chimene ndikufuna mutengereko kwa anzathuwa si zovala zawo kapena zida zawo. Ndi ntchito imene amagwira kunja kwa nsanja. Gulu la ku Iowa lija lili ndi kagulu kotchedwa OPERA Iowa komwe kamayendera masukulu miyezi ingapo chikondwerero chisanafike, kuyimbira ana ndi kuwaphunzitsa. Magulu ambiri otere amayimba kwaulere m'matchalitchi ndi m'mabwalo, amakhala ndi munthu wofotokoza nkhani ya sewero anthu asanalowe, ndiponso amasonkhanitsa oyimba achinyamata kuti asulidwe ndi akatswiri nyengo yonseyo. Santa Fe Opera ya ku America inayamba kusula achinyamata motere m'chaka chomwe inatsegulidwa, 1957. Pofika tsiku lotsegulira, tauni yonse imakhala ikudziwa nkhaniyo ndipo aliyense ali ndi wake amene akutengapo mbali. Ife timalakwitsa pomwepa: timamata mapepala pamitengo kutatsala sabata imodzi, kenaka n'kumadandaula kuti anthu sakonda zaluso.

Tsono muyimba chiyani? Musayambe ndi Chitaliyana. Sewero loyimba tili nalo kale m'nthano zathu, momwe wokamba amati "Padangokhala", omvera n'kuvomera "Tili tonse", ndipo nkhani ikafika pothina amayambitsa nyimbo, onse n'kupolokozana. Tengani nthano ya Kamdothi, mwana woumbidwa ndi dothi yemwe mayi ake ankamuchenjeza kuti azithawa mvula. Mayiyo akhale mzimayi wa alito yolemera, wa mawu oti akalira anthu amve m'mimba. Kamdothi akhale mwana wa ku pulayimale. Kwaya yanu ikhale anthu a m'mudzi, ikhalenso mvula imene. Ayambe ndi kukhwatchitsa zala, mmodzimmodzi, kuyambira kumbuyo. Kenaka zala ziwiri pachikhatho. Kenaka m'manja monse, mabesi akung'ung'udza pansipansi, ng'oma n'kulowa pomaliza mwanayo akuthamanga kudutsa pakati pa owonerera, mayi ake akuyimba pakhomo manja ali m'mutu. Ndikukutsimikizirani kuti palibe adzafunse za vayolini. Nyimbo zolumikiza nkhaniyo mupeke nokha, muzilembe m'solofa kuti makwaya ena aphunzirire kwawo, ndipo zina zikhale za Chilhomwe, poti agogo ambiri kuno akamva chinenero chawo pansanja amadzuka pampando.

Anzathu a ku South Africa anasonyeza kale kuti zinenero za kuno zimanyamula opera bwinobwino. Mzilikazi Khumalo anapeka Princess Magogo kaDinuzulu m'Chizulu, ndipo inaonetsedwa ku Durban mu 2002. Filimu ya opera ya Carmen yoyimbidwa m'Chixhosa ku Khayelitsha inapata mphoto ya Golden Bear ku Berlin mu 2005.

Pa za ng'oma ndikuchenjezeniko. Mukafuna kulowetsamo tchopa, pitani kaye kwa eni gule. Tchopa ndi gule wa nsembe wa Alhomwe, ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, inamulemba m'kaundula wa chikhalidwe cha anthu a dziko lonse mu 2014. Si wongotola n'kukometsera sewero. Akuluakulu akuuzani zoyenera kuonetsa ndi zosayenera, ndipo a mpingo wanu nawonso muwafotokozere pasadakhale kuti pasadzabuke mapokoso tsiku lomwelo.

Nyengo ndiye msana wa nkhani yonse. Kuyambira Disembala mpaka Epulo iwalani. Mvula ikamenya malata a tchalitchi ngakhale mabesi khumi samveka, anthu ali kumunda, tiyi ali pachimake m'maesiteti moti othyola amaweruka atatheratu, ndipo m'nyumba zambiri ufa umakhala wochepa. Juni ndi Julaye kuli chiperoni, mawu amasasa ndipo palibe angakhale pabwalo maola awiri. Okutobala ndi wa Mulhako wa Alhomwe pa Chonde, ndipo magulu ovina onse maso amakhala ali kumeneko, ndiye musalimbane nawo. Ine ndingasankhe kumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala. Sukulu zimakhala zili patchuthi, kunja kwayamba kufunda, chimanga chili m'nyumba ndipo nandolo wayamba kubweretsa kangachepe m'thumba. Koma ndi nthawinso ya zinamwali, choncho khalani pansi ndi mafumu mugwirizane masiku. Muziyamba 2 koloko masana n'kumaliza dzuwa lisanalowe, kuti magetsi akathima musasokonezeke, ndiponso amayi ndi ana ayende kukuwala.

Za ndalama, dziwani kuti ngakhale ku America ndalama za pakhomo sizikwanira kulipira zonse, amadalira anthu akufuna kwabwino. Inu yambani ndi zomwe mudzi ungathe: mabanja alandire oyimba ochokera kutali awiriawiri, wina apereke ufa, wina nkhuni, telala asoke zovala. Pakhomo pakhale kandalama kochepa, ana alowe ulere. Amalonda a m'deralo ndi a maesiteti mukhoza kuwapempha, koma mukawapeze muli ndi chinthu chooneka kale. Wandale mmodzi asalipire zonse, chifukwa akatero anthu a mbali ina sabwera ndipo nsanja yanu isanduka msonkhano. Zikatha, werengani poyera ndalama zolowa ndi zotuluka. Magulu ambiri abwino amathera pa kathumba ka ndalama.

Chomaliza kwa inu, ndipo apa ndiye ndaumirira: pasakhale opambana. Mipikisano yatithandiza kukweza luso, koma yachititsanso kuti makwaya oyandikana azibisirana nyimbo. Mutu umodzi susenza denga. Itanani makwaya atatu kapena anayi a mipingo yosiyana, aliyense atenge gawo la sewero limodzi. Masabata a m'mbuyo mwake tumizani oyimba anayi azikayimba zidutswa m'masukulu apulayimale ndi pamsika wa Bvumbwe tsiku la msika, n'kumasiyira nkhaniyo pakati.

Funso: Ndili Fomu 3 ndipo ndimayimba sopulano kutchalitchi. Ndinaona woyimba opera Pretty Yende pafoni ya mchimwene wanga ndipo sindinagone. Ndikufuna kudzayimba choncho, koma bambo akuti kuyimba si ntchito. Nditani? *Mtsikana wa pa Chitakale*

Yankho: Mwanangu, Pretty Yende anabadwa mu 1985 m'tauni yaing'ono ya Piet Retief ku South Africa, ndipo anamva opera koyamba ali ndi zaka 16 pa kanema wotsatsa malonda a ndege za British Airways. Anakaphunzira pasukulu ya nyimbo ya University of Cape Town, anapambana mpikisano wa Operalia mu 2011, anayimba ku Metropolitan Opera ku New York mu 2013, ndipo pa 6 Meyi 2023 anayimba pamwambo wolonga ufumu Charles III ku London. Taona kuti pakati pa kumva koyamba ndi nsanja zazikuluzo panali zaka za sukulu.

Bambo ako usawaone ngati mdani. Akuopa kuti udzavutika, ndipo n'zoona kuti kuno kwathu munthu sangadalire opera kuti adye. Malizitsa MSCE ndi magiredi abwino. Ku University of Malawi ku Zomba amaphunzitsa nyimbo, ndipo ku Lilongwe kuli Music Crossroads. Amene waphunzira nyimbo akhoza kukhala mphunzitsi, wopeka kapena wotsogolera makwaya, kwinaku akufufuza mwayi wa maphunziro akunja. Uwafotokozere zimenezi mwaulemu, mayi kapena amalume ali pomwepo, ndipo uwapemphe adzakumvere tsiku lomwe udzayimbe wekha kutchalitchi.

Pakali pano samala mawu ako. Oyimba opera nthawi zambiri sagwiritsa ntchito maikolofoni, komabe amamveka pamwamba pa zida makumimakumi. Sakuwa ayi, mphamvu imachokera m'kapumidwe. Ndimaona atsikana ambiri m'makwaya athu akukweza mapewa, mitsempha ya m'khosi ili tolotolo, chibwano chaloza kudenga pofuna kufikira mawu apamwamba, ndipo Lolemba amadzuka atasasa. Iwe ima chilili, ika zikhatho m'mbali mwa nthiti zam'munsi, koka mpweya mwakachetechete mpaka umve nthitizo zikukankha manja ako, mapewa osasuntha. Utulutse pang'onopang'ono ndi kaphokoso ka "sss", osathamanga. Ukatero ung'ung'udze milomo ili chitsekere, kuyambira pa mawu apakati, mpaka umve kunjenjemera kumaso ndi pamphuno. Mphindi khumi patsiku n'zokwana. Usatsanzire kunjenjemeretsa mawu komwe ukumva pafonipo pogwedeza khosi. Kumabwera kokha mawu akakhwima, ndipo a mtsikana wa msinkhu wako sanafike pamenepo.

Phunzira solofa mpaka uziwerenga nyimbo yomwe sunaimvepo, ndipo ukapeza wodziwa manoti a pamizere isanu, umupemphe akuphunzitse, chifukwa kusukulu za nyimbo adzakufunsa amenewo. Uzimwa madzi okwanira, uzitalikira utsi wa kukhitchini tsiku loyimba, ndipo ukasasa mawu usakakamize, ngakhale atsogoleri a kwaya akuchonderere bwanji. Kusasako kukapitirira masabata awiri, pita kuchipatala akakuone kukhosi.