Mafupa athu amaulula chibale chathu ndi nyama

Mwafunsa ngati pathupi pathu pali umboni woti ife ndi nyama tinachokera kumodzi. Achimwene, tagwirani mkono wanu. Muli fupa limodzi kumtunda, awiri kunsi kwa chigongono, kenaka timafupa ting'onoting'ono ndi zala zisanu. Phiko la mleme ndi chipsepse cha namgumi zili ndi mafupa omwewa motsatana chimodzimodzi, kungoti ena anatalika, ena anafupika. Nyamalikiti, khosi lonse lija, ili ndi mafupa 7 m'khosi ngati ife!

Chimene chimandigwira mtima ine ndi kafupa kakumapeto kwa msana, kotsalira ka mchira. Mwana ali m'mimba amakhala ndi kamchira m'masabata oyambirira, kenaka kamazimiririka.

Umboni wina uli m'nthaka: kwathu konkuno ku Uraha, m'boma la Karonga, mu 1991 akatswiri anafukula nsagwada ya Homo rudolfensis, mtundu wa anthu akalekale, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni.