Kaputeni wanu sanalakwitse pokuuzani kuti muvomere draw

Achimwene, mwafunsa ngati kaputeni anachita bwino kukuuzani kuti muvomere draw pa gemu ya chess pomwe munali ndi pawn (kachidutswa kochepa mphamvu kwambiri pa bolodi) imodzi yoposa yemwe munkasewera naye. Ine ndikuti anachita bwino, ngakhale ndikudziwa kuti zimawawa.

Pa mpikisano wa matimu, gemu ili patsogolo panuyo si yanu nokha. Mumakhala anayi, aliyense pa bolodi yake, ndipo wopambana gemu amapeza pointi imodzi, draw imapereka theka. Timu yomwe yapeza mapointi 2.5 mwa 4 ndiyo yapambana, imatenga ma match point (mapointi a timu pa ndandanda) awiri. Mukalepherana 2-2 mumagawana imodzimodzi. Chess Olympiad, mpikisano wa matimu a mayiko, inayamba kuwerengera chonchi mu 2008 ku Dresden. Ndiye ngati anzanu anali kale patsogolo 2-1, theka lanulo linali lokwanira kutseka nkhani. Kupambana kwanu kukanangokometsa, koma kuluza kukanataya pointi yathunthu ya timu.

Ndinaziona ndekha chaka china pa mpikisano wa m'chigawo. Tinali patsogolo 2-1, nditatsala ndekha m'holo, yemwe ndinkasewera naye n'kupempha draw. Ndinakana, poti ndinkaona kuti rook yanga (chidutswa champhamvu chooneka ngati nsanja) yalowa bwino. Wotchi inali itatsala mphindi ziwiri, manja akunjenjemera, sindinaone kuti knight (hatchi) yake ikubwera kudzaopseza mfumu ndi rook nthawi imodzi. Zinathera 2-2. M'minibasi pobwerera palibe anandinyoza, anangoti zii mpaka kudepoti, bola akanandikalipira.

Ngakhale akatswiri satha kunyamula timu okha. Pa European Team Championship ya 2021 ku Slovenia, Alireza Firouzja anasewerera France pa bolodi yoyamba n'kupeza mapointi 8 pa magemu 9. Anagonjetsanso Shakhriyar Mamedyarov wa ku Azerbaijan mu raundi yomaliza, rating ya Firouzja (nambala yoyezera luso la wosewera) n'kudutsa 2800 ali ndi zaka 18 zokha. Koma golide anatenga ndi a Ukraine. Matimu awiriwa anafanana ma match point, France inatsalira pa tiebreak, njira yosiyanitsira matimu ofanana mapointi.

Tiebreak imeneyi ndi yomwe ingakupatseni chifukwa chodandaulira, chifukwa mapointi a pa bolodi amadzawerengedwa matimu akafanana. Komatu pawn imodzi sikuti gemu yatha, makamaka mukatsala ndi ma rook okhaokha. Magemu ambiri otere amathera draw yomweyo.

Chimodzi chokha mukafunse: kodi anakuuzani bwanji? M'mipikisano yambiri kaputeni amaloledwa kunena kuti vomerani kapena kanani, potengera momwe timu ikuyendera. Koma ngati ananong'oneza kuti "rook yanu ili pangozi", pamenepo anaphwanya lamulo, ndipo arbiter (woyang'anira malamulo pa mpikisano) akanamva akanatha kupereka chilango.