Kukalankhula pa TV ngati katswiri wa kuyunivesite

Aphunzitsi, vomerani, bola nkhani imene atolankhani akuitanirani ili m'gawo lomwe mumaphunzitsa. Mphunzitsi wa zachuma akayamba kumasulira chigamulo cha khothi, mawa lake maloya amamutsutsa poyera, ndipo dzina la yunivesite limanyozekera pomwepo.

Musanapite, funsani mkonzi wa pulogalamu ngati ndi yoonetsedwa pompopompo kapena yojambula, ngati mukalankhula Chichewa kapena Chingerezi, komanso amene mukakhale nawo. Yojambula ndiyo yovuta. Mutha kulankhula mphindi 10, koma pa nkhani za madzulo n'kungotulutsa masekondi 20. Choncho yankho lililonse liziyamba ndi mfundo yeniyeni, zifukwa pambuyo, kuti ngakhale adule tanthauzo lisapotoke. Mfundo zitatu n'zokwanira. Manambala atengeni ku National Statistical Office kapena ku Reserve Bank of Malawi, ndipo muzitchula mwezi wake, chifukwa kukwera kwa mitengo kumasintha mwezi ndi mwezi.

Dziwitsaninso ofesi yofalitsa nkhani ya yunivesite yanu. Pansi pa nkhope yanu adzalemba dzina la UNIMA kapena MUBAS, ndiye owonera amaganiza kuti mukulankhulira sukulu yonse. Nenani poyamba kuti ndi maganizo anu.

Malaya a mizeremizere yaing'ono amavina pa kamera, asiyeni. Maikolofoni ya pakolala imamvabe ngakhale nthawi yopuma, musadye nayo miseche.

Nkhani ikakhudza mlandu womwe uli m'khothi, kapena mukufuna kutchula munthu kuti anaba ndalama, kaonaneni kaye ndi loya.