Kumva, kumvera ndi kumvetsera: mafunso a okonda nyimbo

Mafunso a ulendo uno achokera kwa owerenga amene amakonda kuuzana nyimbo zimene zawagwira mtima ndi zimbale zimene akufuna kuti anzawo amve. Ena afunsa zofanana, choncho taziphatikiza.

Funso: Pouza anzanga za nyimbo zimene zili m'makutu mwanga masiku ano, ndinene kuti ndikumva, ndikumvera kapena ndikumvetsera?

Onse atatu ndi mawu abwino, koma sanena chinthu chimodzi. Kumva sikufuna khama, chifukwa phokoso lafika lokha m'khutu. Mukati "ndikumva nyimbo kuseri kwa khomali" ndiye kuti waiika ndi wina, inu yangokupezani. Kumvera n'kusankha: mwatsegula nokha wailesi kapena foni. Kumvetsera n'kutchera khutu kuti musaphonye kanthu, monga pofuna kudziwa pamene besi ikulowera kapena zimene akunena m'ndime yachiwiri. Choncho pa funso lanu yankho ndi "ndikumvera". Palinso kumvetsa, kumene kuli kwa tanthauzo. Munthu atha kumvera nyimbo ya Chipwitikizi tsiku lonse osamvetsa ngakhale liwu limodzi.

Samalani pamene chomveredwacho ndi munthu. "Ndimamumvera" amatanthauzanso kuti ndimachita zimene wandiuza, ngati mwana kwa kholo. Pocheza sizisokoneza, koma polemba ndi bwino kunena kuti "ndimamvera nyimbo zake".

Nthawi nayo muione. "Ndikumvera" ndi pakali pano. "Ndimamvera" ndi chizolowezi. Zimene inu mukufuna kunena, zoti chimbale chakugwirani kwa masabata angapo ndipo simunachisiyebe, ndi "ndakhala ndikumvera". Kamsampha kali pa -ma-. Polankhula, mawu akakwera pa ndi- ndiye kuti mumatero masiku onse, koma akakwera pa -ma- ndiye kuti munali kutero. Papepala kukwera kwa mawu sikuoneka, ndiye ngati mukunena zakale lembani "ndinkamvera".

Funso: Ndimaona ena akulemba kuti "nyimboyi ikuseweredwa pa wailesi" kapena "amasewera gitala". Kodi n'zolondola?

Ayi. Uku n'kunyamula Chingerezi n'kuchiveka zovala za Chichewa. Timasewera mpira, ana amasewera panja, koma gitala timaimba kapena kuliza. Mneni kuimba ndi wotakata: kuimba ndi pakamwa, kuimba gitala, kuimba ng'oma, kuimba piyano, mpaka kuimba foni. Kuliza kumagwira pa chida chokha, monga kuliza lipenga kapena belu. Nyimbo yojambulidwa kale timaiika: "taikani ija ya dzulo", "ikaninso". Wailesi imaika nyimbo, imaimba nyimbo, kapena imaulutsa. Mukati munthu akuseweretsa gitala, womva aganiza kuti akuigwira mosasamala ndipo aiwononga.

Aneni ena a ntchitoyi ndi awa. Kupeka nyimbo n'kuiyambitsa, mawu ake ndi kaimbidwe kake. Kujambula n'kuiika pa makina ku situdiyo. Kutulutsa chimbale n'kuchipereka kwa anthu, pamene kukhazikitsa chimbale ndi mwambo wochionetsa koyamba. Wopeka, woimba ndi wojambula atha kukhala anthu atatu osiyana, ndiye musalembe kuti "anapeka" pamene munthuyo wangoimbanso nyimbo ya wina.

Funso: Ndikufuna kuuza munthu kuti chimbale chakuti n'chabwino, achimve. Ndimasowa liwu limodzi lonenera zimenezi. Ndizilemba kuti "ndikuvomereza chimbale ichi"?

Musatero. Kuvomereza n'kupereka chilolezo, ngati kuti chimbalecho chimadikira chidindo chanu. "Ndikukulangizani" nakonso kwalemera, kukumveka ngati mukuweruza mlandu. Chichewa sichisowa liwu pamenepa, kungoti ntchitoyo imagwiridwa ndi timaphatikizo ta mneni. Taonani kusiyana kwake.

"Muchimvere" ndi pempho wamba. "Muchimvereko" n'kofewa, kukusiyira mnzanu ufulu wolawako pang'ono. "Mukachimvere" ndi pamene akachite zimenezo kwina, akafika kumene akupita. "Mudzachimvere" ndi m'tsogolo, mwina chimbalecho sichinatuluke n'komwe. "Tachimverani" ndi pomwepo, mwampatsa kale mahedifoni. Kwa mnzanu wa msinkhu umodzi mutha kunena "uchimvere" kapena "tachimvera". Kwa munthu wamkulu kapena wosamudziwa, "mukapeza mpata muchimvereko" ndi ulemu wokwanira.

Kaphatikizo ka pakati kaja kamatsata dzina la chinthucho. Chimbale n'chi-: muchimvere, chimvereni. Nyimbo imodzi ndi i-: muimvere, imvereni. Nyimbo zambiri kapena zimbale ndi zi-: muzimvere, zimvereni. Ambiri amaphonya mathero a mneni. Polamula popanda kaphatikizoka timati "mverani", koma kakalowa mneni amathera ndi -e, ndiye "chimvereni", osati "chimverani". Ta- akabwera kutsogolo, -a amabwerera: "tachimverani".

Lemba limodzi lomweli limasinthanso uthenga wonse pa zi-. "Muzimvere nyimbozi" akutanthauza nyimbo izi zimene ndakutchulirani. "Muzimvera nyimbo za jazz" akutanthauza kuti chikhale chizolowezi chanu, ndipo wina atha kumva ngati mukumudzudzula kuti samvera zinthu zanzeru.

Chiganizo chikalondola, chipatseni zonyamula. Tchulani woimba, dzina la chimbale, chaka ngati mukuchidziwa, nyimbo yoyambira, ndi chimene munthu atchere khutu. Mwachitsanzo: "Chimbale chake chachiwiri muchimvereko. Muyambire nyimbo yachitatu, m'menemo lipenga ndi limene likutsogolera, mawu akulowa mochedwa." Onani kuti ndi chimbale choyamba, chachiwiri, koma nyimbo yoyamba, yachiwiri. Chimbale chimodzi, nyimbo imodzi, koma zikachuluka zonse ndi ziwiri, zitatu.

Funso: Masiku ano nyimbo timamvera pa intaneti, palibe chogwirika m'manja. Kodi liwu loti chimbale likadagwirabe ntchito?

Likugwira, ndipo lisiyeni ligwire. Linayamba ngati dzina la chinthu chozungulira, chophwatalala ngati mbale, chimene ankaika pa galamafoni. Zimbale zakale zinkazungulira ka 78 pa mphindi imodzi ndipo mbali iliyonse inkanyamula nyimbo ya mphindi zitatu kapena kupitirira pang'ono. M'chaka cha 1948 kampani ya Columbia inatulutsa chimbale cha LP, chozungulira ka 33⅓, chimene cha mainchesi 12 chimanyamula mphindi zoposa 20 mbali imodzi. M'chaka cha 1949 RCA Victor inabweretsa kachimbale ka mainchesi 7 kozungulira ka 45, kawirikawiri nyimbo imodzi mbali iliyonse. Kenaka kunabwera kaseti ya Philips mu 1963 ndi CD mu 1982. Zonyamulira zasintha, koma liwu linasamukira pa mtolo wa nyimbo zotulutsidwa pamodzi pansi pa dzina limodzi. N'chifukwa chake "watulutsa chimbale pa Spotify" ndi Chichewa chomveka.

Chimene sichili bwino n'kutcha nyimbo imodzi chimbale. Imeneyo ndi nyimbo, ena amati singo. EP, imene kawirikawiri imakhala ndi nyimbo zinayi mpaka zisanu ndi chimodzi, mutha kuisiya m'zilembo zake kapena kunena kuti chimbale chachifupi. Mukafuna kusonyeza kuti mukunena chogwirika chija, nenani chimbale cha galamafoni kapena cha vinyl.

Apa pali kusiyana kwa mu ndi pa. Nyimbo zili m'chimbale, fumbi lili pa chimbale. Kwa osunga zimbale zoterezi, mawu ofotokozera mavuto ndi wamba. Chikudumpha, ngati singano ikutuluka mumzere chifukwa chakandika kapena chili ndi litsiro. Chapindika, ngati chinasiyidwa pa dzuwa kapena pamalo otentha. Mawu akuthamanga n'kuwonda, ngati cha 33⅓ mwachiika pa 45. Akukokeka n'kulemera, ngati cha 45 mwachiika pa 33⅓.

Funso: Mitundu ya nyimbo monga reggae, jazz, rhumba ndi hip hop tiitchule bwanji? Ndimachita manyazi ndi liwu loti chamba.

Manyaziwo ndi omveka, makamaka likagundana ndi reggae, koma olemba za nyimbo amagwiritsa ntchito liwuli tsiku ndi tsiku ndipo palibe amene amasokonezeka. "Amaimba chamba cha rhumba." Zikachuluka ndi zamba: "chimbalechi chili ndi zamba zosiyanasiyana". Chinsinsi n'choti lisamaime lokha. "Ndimakonda chamba" ndi nkhani ina. Ngati likukuvutanibe, "mtundu wa nyimbo" kapena "maimbidwe" akwanira.

Maina a zambazi asiyeni mmene eni ake amalembera, koma apatseni dzina la Chichewa lowatsogolera kuti mgwirizano usavute. "Nyimbo za jazz ndimazikonda" ndi chiganizo chosatsutsika, pamene "jazz ndimaikonda" ena anena kuti "ndimamukonda" ndipo mkangano wayamba. Chimodzimodzi ndi maina a magulu ndi a zimbale a zilankhulo zina. Mgwirizano utsate gulu, bandi kapena chimbale, osati dzina lachilendolo: gululi latulutsa, bandiyi yatulutsa, chimbalechi chatuluka. Cholakwika chofala ndi "chimbale yatsopano", chimene chimabwera chifukwa m'mutu munthu akuganiza alubamu. Sankhani limodzi: chimbale chatsopano kapena alubamu yatsopano.

Funso: Woimba, woyimba, oimba, oyimba. Cholondola n'chiti?

Mmodzi ndi woimba, ambiri ndi oimba. Oimba amagwiranso pa munthu mmodzi pomulemekeza, koma pamenepo chiganizo chonse chikhale chaulemu: "oimbawa atulutsa", osati "oimbayu watulutsa". Za y, m'kalembedwe kophunzitsidwa kusukulu ndi kuimba, ngakhale kuyimba kumaoneka kwambiri. Mukasankha kumodzi musasinthesinthe m'nkhani imodzi. Mu liwu loti nyimbo y sachoka, chifukwa ny ndi liwu limodzi. Ndipo musaiwale kankhodolero mu ng'oma. Ngoma ndi nyama yakutchire ya nyanga zopotana.

Funso: Nyimbo iliyonse ndimangoti ndi yabwino. Pali mawu ena?

Alipo ambiri, ndipo aliyense amaloza chinthu chake. Yovinika ndi yoti miyendo siingakhale chete. Yogwira mtima kapena yokhudza ndi ya uthenga. Yothyakuka bwino ikuyamikira luso la kaimbidwe, ndipo mawu anthetemya ndi a woimba mwini wake, osati a zida. Yamgonagona ndi yakale koma yosatha fungo, choncho musaitchule choncho nyimbo ya mwezi watha. Ili m'kamwam'kamwa ndi yoti aliyense akuiimba, zimene sizitanthauza kuti inu mwaikonda. Achinyamata akati nyimbo yavuta akuyamikira, koma liwu limeneli ndi la pocheza, ndipo wowerenga wachikulire atha kuganiza kuti nyimboyo yabweretsa mlandu.

Podzudzula, tchulani chimene chalakwika. Zida zaphimba mawu. Kolasi yabwerezedwa mpaka kutopetsa. Ng'oma zikutsalira. Nyimbo zitatu zomaliza zikufanana. Kumbukiraninso kuti kuloza kumalembedwa mophatikiza ndi dzina: nyimboyi ndi imene tikukamba pano, nyimboyo ndi imene mnzanu wangotchula kumene, koma nyimbo ija, yolembedwa motalikitsa, ndi imene nonse awiri mukuidziwa kale ngakhale dzina lake mwaliiwala.