Droni ikutaya siginolo pa mamita 300: musathamangire kugula rimoti ina

Mmodzi mwa owerenga athu, yemwe amakhala pa boma la Dedza, watilembera kalata ya pa imelo. Anadzipangira droni ya mapiko a mainchesi 5, felemu ya kaboni, batire la 4S, risiva (kachipangizo kolandira siginolo ya rimoti) ya mtundu wa ExpressLRS ya 2.4 GHz ndi Betaflight, pulogalamu yoyendetsa droni. Akuti ikafika mamita pafupifupi 300, makamaka akamaitembenuza kuti ibwerere kapena akaponda moto wambiri, imasiya kumvera rimoti n'kugwa. Amaulutsira m'munsi mwa phiri la Dedza. Funso lake ndi lakuti kodi agule chotumizira siginolo cha 1 W m'malo mwa cha 100 mW chimene ali nacho?

Ayi achimwene, ndalamayo isungeni kaye. ExpressLRS ya 100 mW ikakhala bwinobwino, popanda chotchinga pakati, imafika makilomita angapo. Ikamadukira pa mamita 300 ndiye kuti pali china chake chawonongeka kapena chayikidwa molakwika, ndipo mphamvu zambiri zingangobisa vutolo kwa kanthawi. Kuti mtunda uwirikize kawiri pamafunika mphamvu zowirikiza kanayi. Kuchoka pa 100 mW kufika pa 1 W kungakupatseni mtunda wowirikiza pafupifupi katatu basi, pomwe eriyo yoduka imadya zoposa pamenepo.

Choyamba, droni ikuuzeni yokha chimene chikuipha. Mu Betaflight, pa tsamba la OSD, lomwe limasankha zolembedwa pa vidiyo, yatsani manambala awiri kuti muziwaona m'magalasi oonera vidiyo ya droni: RSSI dBm ndi Link Quality, imene ambiri amangoti LQ. RSSI dBm ndi kukula kwa siginolo imene risiva ikumva. Imalembedwa ndi chizindikiro chochotsera, ndiye -40 ndi yamphamvu, -100 ndi yofooka. LQ ndi chiwerengero cha mauthenga amene afika bwinobwino pa 100 aliwonse. Malire a RSSI amadalira liwiro lotumizira mauthenga limene mwasankha pa rimoti: pa 500 Hz risiva imamva mpaka cha m'ma -105 dBm, pa 250 Hz mpaka -108, pa 150 Hz mpaka -112. Jambulani zimene mukuona m'magalasimo, kenako mukaonere muli pansi mtima uli m'malo.

RSSI ikamatsika msanga pamene droni ikutalikira, n'kufika pa -100 isanapite patali, vuto ndi eriyo. RSSI ikakhala bwino, tinene -75, koma LQ n'kumagwa, pali china chimene chikusokosera risiva. Zonse ziwiri zikakhala bwino kenako n'kuzimiririka kamodzin'kamodzi, sikuti ndi mtunda ayi, ndi moto kapena waya.

Pa zimene mwafotokozazi, ife tikukayikira eriyo, ndipo apa mpofunika kudekha. Kaboni imadutsa magetsi, choncho imatchinga siginolo monga momwe chitsulo chimachitira. Batire nalonso limatchinga. Eriyo ikakhala kumbuyo kwa droni, popita imakuonani bwinobwino, koma mukangotembenuza, felemu, batire ndi kamera zonse zimakhala pakati pa inu ndi eriyoyo. N'chifukwa chake ambiri amagwetsa pobwerera, osati popita. Eriyoyo itulutseni kunja kwa felemu ndi masentimita osachepera 2 kapena 3, isagone pa kaboni, ndipo ikhale poti mapiko sangaifike. Ena amaimangirira pa mkono wa mota ndi tepi kuti izioneka yaudongo. Kumeneko ndi kuipha.

Chinanso, eriyo simwaza siginolo mofanana mbali zonse. Imamwaza mozungulira m'mbali mwake ngati nkhata, ndipo kunsonga kwake ndi kumene kuli bowo. Anthu ambiri droni ikatalikira amailoza ndi nsonga ya eriyo ya rimoti, osadziwa kuti akuipatsa mbali yofooka kwambiri. Ionetseni m'mbali. Komanso ziwirizi zigwirizane: ya pa rimoti ikaima, ya pa droni iimenso, ikagona, inayo igonenso.

Tsopano eriyo ya pa droni igwireni ndi manja. Kachingwe kake kamalowa pa risiva ndi kabatani kakang'ono ka U.FL, kamene kamazuka droni ikangogwa kamodzi, nthawi zina n'kumaoneka ngati kadakali m'malo chifukwa cha pulasitiki yokutira. Dulani pulasitikiyo, dinikizani mpaka kamveke kulowa, ikani kadontho ka guluu pamwamba. Yang'anani chingwe chonse ngati chinatswanyidwa ndi sikuluu kapena kudulidwa ndi phiko. Pa 2.4 GHz, mbali ya eriyo imene imagwira ntchito ndi yotalika mamilimita pafupifupi 31. Ikadukapo ngakhale pang'ono, musalimbane nayo, ikani ina. Ndi chimodzi mwa zipangizo zotsika mtengo pa droniyo. Onetsetsaninso kuti simunasokoneze ndi eriyo ya 5.8 GHz ya vidiyo, popeza mabatani ake amatha kufanana.

Kuyesa kwake ndi kwa pansi, mapiko mutachotsa. Ikani droni pa tebulo lamatabwa pabwalo, tsitsani mphamvu ya rimoti kufika pa 10 mW kapena yotsikitsitsa imene ilipo, yendani mamita 50 mpaka 100. Mnzanu azitembenuza droniyo pang'onopang'ono inu mukuwerenga RSSI pa rimoti. Mbali imene nambala ikugwa kwambiri ndiyo imakugwetserani m'mwamba.

Za kusokosera, woyamba kumukayikira ndi VTX, kaja kotumiza vidiyo. Ngakhale kali pa 5.8 GHz, kakayandikana ndi risiva kamaigonthetsa, makamaka kakakhala pa 400 mW kapena kuposa. Bwerezani kuyesa kuja VTX ili pa 25 mW, kenako pa mphamvu zonse. LQ ikasintha, talikitsani ma eriyo awiriwa mmene felemu ingalolere. Musayatse VTX popanda eriyo yake, imapsa.

Mwatchulanso kuti imaduka mukaponda moto wambiri, ndipo zimenezi zimaloza ku magetsi. Mamota akakoka moto wambiri mwadzidzidzi, 5 V imene imadyetsa risiva imatha kutsika kwa kamphindi, risiva n'kuzima ndi kuyambiranso. Pimani ndi multimeter, ikhale pafupi ndi 5 V ndipo isamavine. Ikani kapasita, kachipangizo kothandiza kuti magetsi asamavine, ya mtundu wa low ESR ya 35 V, 470 mpaka 1000 µF, pomwe mawaya a batire awotchereredwa, miyendo yake ikhale yaifupi. Kenako lumikizani ku kompyuta, tsegulani tsamba la Receiver mu Betaflight, gwedezani mawaya anayi a risiva imodziimodzi. Mizere yosonyeza zimene rimoti ikutumiza ikadumpha kapena kuima, wotchererani mwatsopano. Ku Dedza vutoli limakula: tauniyi ili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya ndi wopepukirapo, ndiye mamota amazungulira kwambiri kuti anyamule katundu yemweyo. Onjezani kuzizira kwa Juni ndi Julayi, kumene kumafooketsa mabatire a droni a mtundu wa LiPo. Asungeni m'thumba la jekete mpaka nthawi youlutsa.

Malo amene mukuulutsirawo nawonso ndi ovuta. Siginolo ya 2.4 GHz sidutsa mwala, ndipo mitengo ya paini ikanyowa ndi nkhungu imaimeza. Kuona droni ndi maso sikukwanira: pa mtunda wa kilomita imodzi, siginolo imafuna mpata wa mamita 5 kapena 6 kuzungulira mzere wochoka kwa inu kufika pa droni, pakatikati pa ulendowo. Imani pokwera, musaulutse mokwekweza nsonga za mitengo, ndipo talikirani milongoti ya pamwamba pa phiri. Poyesa, pezani bwalo la mpira kapena dambo lopanda anthu.

Mukadzaganiza zosamukira ku zipangizo za 900 MHz, samalani. Kuno mafoni a m'manja amagwiritsa ntchito 880 mpaka 915 MHz ndi 925 mpaka 960 MHz, choncho chipangizo chotcheredwa pa 915 MHz ya ku America chimalowa m'njira ya milongoti ya mafoni. Funsani ku MACRA za mafunde ndi mphamvu zololedwa musanaitanitse.

Musanaulutsenso, yesani failsafe, zimene droni imachita siginolo ikaduka: mapiko mutachotsa, yatsani mamota, zimitsani rimoti. Mamota aime pasanathe masekondi ochepa. Betaflight imabwera itatcheredwa kuti droni ingogwa. Ngati muli ndi GPS, tcherani GPS Rescue, imene imabweza droni yokha siginolo ikaduka, dikirani masetilaiti osachepera 8 musananyamuke, ndipo kutalika kobwererako kupose mitengo yonse ya pamalopo. Izi n'zofunika kwambiri kwa amene amaulutsira m'mbali mwa msewu wa M1 cha ku Lizulu ndi Biriwiri, kumene tsidya lina la msewu ndi Mozambique.