Pampu yafuka utsi mutangosintha oyilo? Musathamangire kumasula injini

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena a ku Ntcheu amene amalima tomato kudimba. Ali ndi pampu yothirira ya petulo, ya injini ya 6.5 HP yopangidwa motengera Honda GX200. Akuti anasintha okha oyilo, nathira botolo lonse la lita imodzi. Atailiza inafuka utsi wambiri woyera mosakanikira ndi buluu, inatsokomola kangapo, kenako n'kuzima. Pano ikukana kulira, ndipo pansi pa sefa ya mpweya pakudontha oyilo. Wina wawauza kuti ma ring (mphete zachitsulo zozungulira pisitoni) atha, akagule pisitoni yatsopano. Funso lawo ndi lalifupi: kodi injini yafa?

Bambo, mtima pansi. Pa zimene mwafotokozazi sindikuona injini yakufa, ndikuona injini yokhuta oyilo. GX160 ndi GX200, pamodzi ndi zambiri za ku China zotengera zimenezi, zimalowa pafupifupi malita 0.6 basi. Inu mwathira lita yathunthu, kupitirira ndi pafupifupi mamililita 400. Ndikuganizanso kuti pothirapo pampuyo inali yopendekeka, mwina pamtsetse wa m'mbali mwa mtsinje, kapena munaipendeketsa dala kuti oyilo alowe bwino. Ikakhala pamalo osalala, lita yonse singalowe, oyilo amayamba kusefukira pakamwa pothirira.

Ambiri timaganiza kuti oyilo wochuluka ndi chifundo kwa injini. Koma injini zazing'onozi zilibe pampu ya oyilo ngati ya galimoto. Kumunsi kwa konirodi, chitsulo cholumikiza pisitoni ndi shafiti yozungulira, kuli kachitsulo kangati chala, kamene kamamenya oyilo n'kumuwaza mkati monse. Injini ikamathamanga mokwanira imazungulira ka 3,600 pa mphindi, ndiye kuti ka 60 pa sekondi iliyonse. Kachalako kamangofunika kukhudza pamwamba pa oyilo. Akachuluka, zitsulo zozungulirazo zimamira n'kumuvundula mpaka achite thovu ngati sopo m'beseni, ndipo thovu siliteteza zitsulo kuti zisaperesane. Mpweya wa mkatimo umasowanso malo, choncho umakankha oyilo kudzera pa kapaipi kakuda kochokera pa chivundikiro cholembedwa OHV kupita ku sefa ya mpweya. Oyilo amene mukumuona akudonthayo wadzera njira imeneyo. Akachoka pa sefa amalowa mu kabureta, n'kukapsa limodzi ndi petulo. Utsi uja ndi umenewo. Wina amakamatirira pa pulagi, moto n'kusiya kuthetheka, injini n'kuzima.

Mwina mufunsa kuti nanga kachipangizo kozimitsa injini chifukwa cha oyilo kaja kanali kuti. Kameneko, kamene a Honda amakatchula Oil Alert, kamazimitsa injini oyilo akachepa. Za kuchuluka sikadziwa kanthu.

Choyamba lekani kukoka chingwe. Tsekani petulo, zulani waya wa pulagi, ndipo muike pampuyo pamalo osalala ndithu, ngakhale pa thabwa. Ikani beseni pansi, mutsegule chotsekera oyilo. Wopitirira muyeso atuluka yekha pakamwapo. Musiyeni atsike mpaka aleke. Pa injini za mtundu wa GX muyeso woyenera ndi pamene oyilo wafika pamlomo wa bowo lothirira osasefukira, ndipo poyeza ndi kandodo ka pa chotsekera mumangokalowetsa, osakamanga. Izi ndikunena za GX ndi zotengera zake. Injini zambiri za Briggs & Stratton zimafuna kuti kandodo kamangidwe kaye musanawerenge, choncho amene muli ndi mtundu wina onani buku lake.

Musanataye oyilo wotulukayo, mununkhizeni. Apa ndikufuna muchedwepo, chifukwa pali vuto lina lofanana kwambiri ndi lanuli ndipo ndi loopsa kuposa apa. Nthawi zina munthu sanathire oyilo wochuluka, koma oyilo amakwera yekha. Mu kabureta muli kasingano kamene kamatseka petulo kambale ka pansi kakadzaza. Kakagwidwa ndi zinyalala, kapena pampu ikamanyamulidwa pa njinga kapena pa ngolo petulo ali wosatseka, petuloyo amadutsa, n'kutsikira m'mbali mwa pisitoni mpaka kukasakanikirana ndi oyilo. Oyilo wotero amanunkha petulo ndipo amakhala wamadzimadzi mukamufikisa pa zala. Mukapeza zimenezi kuchepetsa sikukwanira. Masulani bawuti ya pansi, mukhetse yense, mutsukitse kabureta, kenako muthire watsopano. Kuliza injini ndi oyilo wosungunuka ndi petulo ndi kumene kumadyadi ma ring ndi konirodi. Zizolowereni kutseka petulo nthawi zonse mukamaliza kuthirira.

Ngati akununkha oyilo basi, pitirizani. Masulani pulagi. Muipeza yakuda, yonyowa. Itsukeni ndi petulo pang'ono ndi kaburashi ka waya, iume, koma ngati muli nayo ndalama gulani yatsopano. Ya injini zimenezi ndi NGK BPR6ES kapena yofanana nayo, ndipo kampata ka pamutu pake kakhale ka mamilimita 0.7 mpaka 0.8. Pulagi isanabwerere, switchi ili pa OFF, phimbani bowolo ndi kansanza n'kukoka chingwe kasanu kapena kakhumi kuti oyilo wotsalira pamwamba pa pisitoni atuluke. Ngati chingwe chinkalimba pokoka, chifukwa chake n'chimenechi: oyilo safinyika ngati mpweya, ndipo kukakamiza kukhoza kudula chingwe kapena kuononga za mkati.

Sefa ya mpweya musaidumphe. Ya siponji ichapeni ndi madzi a sopo, iume bwinobwino, muidonthezere oyilo woyera pang'ono n'kuifinya mpaka isamadonthe. Ya pepala ikanyowa ndi oyilo yatha ntchito, sichapika, gulani ina. Ndimaona anthu akuchotseratu sefa n'kuiliza injini yopanda sefa. Chonde musatero. Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala likalowa m'kati limapala silinda ngati sandipepa. Pukutaninso m'kabokosi ka sefa ndi kapaipi kaja.

Tsopano poyesa. Dzazani kaye madzi m'thupi la pampu musanalize, ngakhale mukungoyesa kwa kanthawi kochepa. Pampu ikazungulira youma, silo yotchinga madzi ya pakati pa injini ndi pampu imapsa, n'kuyamba kudontha madzi, vuto latsopano pamwamba pa lakale. Lizirani panja, osati m'nyumba kapena m'shedi yotseka, chifukwa utsi wa injini umapha mwakachetechete. Ikalira idzafukabe, musadabwe. Ndi oyilo wotsalira mu ekizozi amene akupsa, ndipo pakatha mphindi 10 kapena 15 utsiwo uyenera kuchepa mpaka kutha.

Nkhani ya ma ring ibwere pokhapokha mwachita zonsezi, muyeso wa oyilo uli bwino, koma patatha theka la ola utsi wabuluu ukupitirirabe, mphamvu yokoka madzi yachepa, ndipo oyilo akutsika tsiku ndi tsiku. Pamenepo pitani nayo kwa makaniko. Koma injini imene imagwira bwino ntchito dzulo lake, n'kufuka tsiku lomwe mwathira oyilo, sindikhulupirira kuti ma ring ake anatha usiku umodzi.

Posintha oyilo ulendo wina, dulani botolo la pulasitiki, muyeze mamililita 600, mulembe mzere, likhale muyeso wanu. A Honda amalangiza oyilo wa SAE 10W-30, kusintha koyamba injini yatsopano ikagwira maola 20, kenako maola 100 aliwonse kapena miyezi 6. Wotsala m'botolo mutseke bwino adikire ulendo wotsatira. Wakudayo musamutayire m'dimba kapena mumtsinje womwe mukutungamo madziwo. Musungeni m'chigubu, akalipentala ndi omanga amamufuna popaka mitengo ya denga kuteteza chiswe.

Mukailiza mundilembere, mundiuze ngati oyilo uja ananunkha petulo kapena ayi.